Madigadi a Galimoto ya Apongozi

Apongozi anga aamuna sankandiitana ndi dzina. Zaka zonse za ukwati wanga ndinali "a makaniki" basi. Iwo anali mphunzitsi wopuma ntchito ku Khondowe, mkulu wa mpingo, munthu wovala tayi ngakhale pokadyetsa nkhuku. Ine ndinali mwamuna wa ku Ntcheu wa kagalaja pa Chitimba, wamafuta m'zikhadabo, amene ndinawatengera mwana wawo nesi. Sankandida ayi. Kungoti ndikafika pakhomo ankati, "Yewo, a makaniki," ngati ndabwera kudzakonza mpope. Zinkandiwawa, ndisaname.

Chaka china, matipate atakhazikika kale, mlamu wanga, mwana wawo woyamba, anawatumizira galimoto kuchokera ku Joni. Inali yofiira, ya mipando iwiri, imene iye ankathamangitsa Loweruka pabwalo la mipikisano. Anali ataikonzera zomwezo: masipuling'i aafupi, mashoko olimba gwa, matayala otambalala koma opyapyala ngati lamba. Inali yaifupi moti nkhuku sikanalowa kunsi kwake. Pa tala inabwera bwinobwino, koma itangokhotera msewu wa Golodi, wokwera phiri kupita ku Khondowe, mwala woyamba unaigwira pamimba. Amene anaibweretsa anaikankhira pagalaja panga.

Mawa lake apongozi anatsika pa matola. Anaizungulira kawiri, kuipukuta ndi mpango, kenako anandiyang'ana.

"A makaniki, mlamu wanu wotsiriza akukwatiwa kumapeto kwa mwezi. Ndamulonjeza kuti apita kutchalitchi pa galimoto imeneyi, woyendetsa ine. Mutha?"

"Zazing'ono izi, adada," ndinatero. Pakamwa pangapa panandivuta kuyambira kale.

Ntchito yanga inali kufafaniza zonse zimene mlamu anachita. Ndinachotsa masipuling'i ake n'kuika aatali, ochokera m'galimoto ina imene inafera kuseri kwa galaja. Mashoko ndinaika ofewerako. Matayala ndinapeza aatali, onenepa, a pikapu. Nditaitsitsa pa jeke inaima ngati mtsikana wovala diresi la ukwati ndi majombo. Amayi ogulitsa usipa m'mbali mwa msewu anaseka mpaka kugwirana. Ndinawauza kuti asekeretu, Loweruka la ukwatilo adzapempha okha kukwera.

Ndinaiyesa katatu, kupita ku Chiweta ndi kubwera. Ife okhala m'mphepete mwa tala timayesa galimoto choncho: kuthamanga, kutchera khutu, kuponda buleki, basi yatha. Potembenuka ndinkazungulira pamalo otakasuka pafupi ndi magolosale. Chiwongolero sindinachipotolepo mpaka kumapeto ngakhale kamodzi. Munthu wokhala pansi pa phiri lomwelo, womaliona tsiku ndi tsiku, koma osaganiza.

Lachisanu m'mawa tinanyamuka, ine ndikuyendetsa, apongozi pambali atavala jekete, mpango uli pamwendo. Miyala tinaidutsa pamwamba popanda kugunda. Ndinayamba kuimba mluzu. Kenako tinafika pa kona yoyamba yeniyeni, ija yopindika ngati chigongono. Nditapotola chiwongolero chonse, tinamva khwee, galimoto inanjenjemera, fungo la labala linadzaza m'kati. Tayala linali litaluma madigadi, chitsulo chija chophimba pamwamba pake.

Ndinatsika, ndinagwada, ndinaona. Ndinadzitukwana chamumtima m'Chichewa ndi m'Chitumbuka momwe.

"Adada, ndalakwitsa ine," ndinatero. "Matayalawa ndi aakulu. Powongoka alibe vuto, koma pokhota kwambiri akukhula chitsulo, ndipo makona onse ali kutsogoloku. Njira ndi ziwiri. Tibwerere, galimoto ikakhale kumunsi, kapena tidule madigadi onse awiri akutsogolo."

Anayang'ana penti imene ankaipukuta ija. Ndinkadikira kuti anene kuti ankadziwa kale.

"Sowo mwatenga?" anafunsa.

"Ilipo."

Anavula jekete, kulipinda bwinobwino, tayi osavula. Kenako anapisa m'thumba n'kutulutsa choko. Munthu anasiya kalasi kalekale, koma choko m'thumba. Anawerama n'kulemba mzere wokhota pamwamba pa tayala lililonse lakutsogolo, wosalala ngati wapabolodi.

"Dulani motsata mzere. Mukaphonya mubwereza."

Ndinadula kumanja. Thukuta lili kamukamu, anandilanda sowo kuti kumanzere adula okha. Anadula, koma abale, mzere wawo womwe anausiya patali, chitsulo chinatuluka mano ngati a ng'ona. Anaima n'kuyang'ana mbali yanga, kenako yawo, ndipo anaseka mpaka kutsamira galimoto. Ndinali ndisanawamvepo akuseka choncho. Ndinapinda manowo ndi hamala, ndipo makona otsalawo tinawakwera tikuwerenga mokweza ngati ana a sukulu.

Loweruka amayi a mpingo anaphimba mabalawo ndi maluwa ndi nsalu zoyera. Apongozi anayendetsa okha, pang'onopang'ono moti oyenda pansi ankawapitirira, mkwatibwi ali pambali akumwetulira mano onse. Ndinakondwa chomene.

Mlamu wa ku Joni uja anali atafika m'mawa womwewo. Titatuluka m'tchalitchi anapita kukaona galimoto yake yakale. Anayang'ana matayala, anasuzumira kunsi, kenako anakweza maluwa. Nkhope inasintha.

"Masipuling'i anga ali kuti? Ndani wadula apa?" Ankafunsa akuyang'ana ine, pamaso pa anthu onse. "Galimoto ya mpikisano mwaisandutsa ngolo, a makaniki?"

Mtima unandikwera. Yankho ndinali nalo kale palilime, ndipo silinali la patchalitchi. Koma apongozi anandiyambirira.

"Kumanzereku, kokhotakhotaku, ndadula ine," anatero mosakweza mawu. "Kumanjaku, kowongokaku, wadula mbale wakoyu. Popanda iye mlongo wako akanabwera wapansi." Kenako anatembenukira kwa ine. "Mwana wanga, akujambula zithunzi za banja uko. Bwerani muime pafupi ndi ine."

Ndinawauza kuti ndikubwera, ndione kaye mpweya wa tayala lakumbuyo. Tayalalo linalibe vuto lililonse. Ndinagwada kuseri kwa galimoto mpaka maso anauma, ndipo pa chithunzicho bondo la thalauzi langa lili ndi dothi.