Envulopu ya a Tayi

Bambo anga m'dera lathu lonse ankadziwika kuti a Tayi. Kaya kunja kutenthe chotani, kaya mvula ikhuthuke, iwo ankatuluka m'nyumba sikisi koloko m'mawa atamanga tayi, shati yoyera atapisira, chikwama chakuda chili kukhwapa. Matayi anali nawo atatu okha, koma ankawasinthasintha mwaluso moti anthu ankayesa kuti ali nawo khumi. Munthu akawafunsa ntchito yawo ankangoti, "Ya muofesi." Zoti ndi akalaliki pa kampani ya inshuwalansi tinawonjezera tokha ana awofe. Ine, mwana woyamba komanso wakamwa kwambiri, ndinachita kuwakweza pantchito mpaka kukhala akalaliki aakulu. Iwo sanatsutsepo, koma kunena chilungamo, mawu amenewo sanatulukepo pakamwa pawo.

Chomwe sichinkagwirizana ndi tayiyo anali manja awo. Anali okhakhala, ong'ambika m'mphindi mwa zala, ndipo ankanunkha sopo ngakhale Lamlungu. Pakudya tinkawaseka kuti, "Bambo, kodi kuofesi kwanuko mumalemba ndi khasu?" Iwo ankaseka nafe limodzi nkumati mapepala amayamwa mafuta m'manja. Amayi nthabwala imeneyi sankaiseka. Ankangotenga kabotolo ka mafuta odzola nkuwaikira pafupi ndi mbale.

Mwezi ukatha, bambo ankaika envulopu ya khaki patebulo, pakona atalembapo ndi dzanja lawo kuchuluka kwa ndalama zili m'katimo. Amayi ankaitsegula okha. Envulopu imeneyo inatiphunzitsa ana anayi popanda ndi mmodzi yemwe kubwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, ndipo inalipira lendi ya nyumba yomweyo kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Inali nyumba ya zipinda zitatu ndi khonde lomwe bambo anathira okha simenti. Pafelemu la chitseko cha kukhitchini panali timizere ta mpeni tosonyeza mmene aliyense wa ife ankakulira. Tinkaitcha yathu, ndipo tinali titaiwala kuti ili ndi eni ake.

Ine nditayamba uphunzitsi ku pulayimale ndinafuna kuti nyumbayo idziwe kuti mwalowa malipiro achiwiri. Mipando yathu yathabwa inkandichititsa manyazi aphunzitsi anzanga akabwera kudzacheza. Tsiku lina ndinafika ndi lole itanyamula masofa atatu otuwa ndi tebulo lagalasi, aneba onse atatuluka kudzaonerera. Amayi atafunsa za mtengo ndinati, "Musavutike nazo, ndakhala ndikusunga." Bambo anakhala pa sofa yaikulu mwaulemu ngati alendo, manja ali pamaondo kuopa kuidetsa.

Patangopita miyezi isanu ndi umodzi eni nyumba anabwera. Anali mayi wamasiye wokalamba, ndipo ananena mosazungulira kuti akugulitsa nyumbayo kuti akakhale kwa mwana wawo. "Wogula alipo kale," anatero, "koma inu mwakhalitsa muno. Ndikupatsani miyezi iwiri. Mukapeza ndalama, nyumba ndi yanu."

Mawa lake ine ndinali kale ku banki. Pa desiki ya ngongole za nyumba ndinapezapo mnzanga wamkazi wa ku sekondale amene tinkamutcha Magalasi. Anandifotokozera bwinobwino. Choyamba, wogula apereke yekha gawo limodzi mwa magawo khumi a mtengo wa nyumba. Chachiwiri, ndalama yobweza pamwezi, pamodzi ndi chiwongoladzanja, isapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro amene munthu amatsala nawo zonse zitadulidwa. Anandilembera pakapepala ndalama imene tingamabweze pamwezi kwa zaka khumi zomwe bambo anali atatsala nazo pantchito. Ine ndinagawa patatu nambala ija ya pa envulopu, ndinaona kuti ikukwana nkutsalako pang'ono. "Zazing'ono izi," ndinatero. "Bambo anga ndi akalaliki aakulu." Magalasi anati ndibwere nawo, atenge mapepala awo a malipiro a miyezi itatu.

Gawo loyamba lija silinavute, chifukwa amayi anali atasunga ndalama za mayunifolomu omwe ankasoka. Ovuta anali bambo. Sabata yoyamba anati wosindikiza mapepala ali patchuthi. Yachiwiri anati aiwala mudirowa. Yachitatu anayamba kunena kuti mwina kusamuka si chinthu choipa, nyumba zili mbwee. Apo ndiye ndinapsa mtima. Ndinawafunsa ngati akufuna kuti amayi akayambirenso kukhala m'nyumba ya bafa logawana ndi mabanja asanu chifukwa choti iwo akuopa chitseko cha banki. Anandiyang'ana nkunena kuti, "Chabwino mwanawe, tipita Lachitatu."

Lachitatulo anavala tayi yamizeremizere, ija ankavala pa zinthu zikuluzikulu. Magalasi anawalandira mwaulemu, nkuwakokera mpando. Bambo anatulutsa mapepala atatu omwe anawapinda mpaka kukhala tating'ono, nkuwayala padesiki akuwongola ndi chala. Magalasi anawerenga loyamba, nkuyang'ana ine, nkuwerenganso.

"Bambo, mapepalawa ndi anu ndithu?"

"Ndi anga, mayi."

Ndinasuzumira. Pamzere wa udindo panalembedwa kuti mesenjala. Nambala ya pansi inali theka la ija ya pa envulopu, mwinanso osafika.

Palibe amene anawafunsa, koma bambo anayamba kufotokoza, maso ali padesiki. Anati ntchito yawo ndi yoyendetsa makalata ndi mafayilo, kugula nyuzipepala ndi kuwiritsa tiyi wa mabwana. Theka lina la envulopu linkachokera kuseri kwa ofesi, poimika magalimoto. Nthawi ya nkhomaliro ankavula tayi ndi shati nkuzikoleka m'kanyumba ka alonda, nkuvala ovololo, nkutsuka magalimoto atatu. Akaweruka ankatsukanso atatu. Loweruka, lija ankatiuza kuti ali pa ovataimu, ankazungulira m'nyumba za mabwana ndi ndowa yawo. Anali atachita zimenezi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, kuyambira chaka chomwe ine ndinayamba sukulu.

"Ndalamayo imabwera mwezi ndi mwezi, mayi," anatero. "Sinaphonyepo. Mukhoza kukafunsa alonda."

Magalasi anavula magalasi akewo nkuwapukuta. "Ndikukukhulupirirani, bambo. Koma banki imawerengera zimene zili papepala zokha."

Zimene ndinachita pamenepo ndimachita nazo manyazi mpaka lero. Sindinaganize za manja aja. Ndinaganiza za Magalasi, ndi anzathu onse a ku sekondale omwe akanamva kuti akalaliki aakulu aja amatsuka matayala. Ndinatembenukira bambo anga, pamaso pa mwana wa eni, nkunena mokweza mpaka wa desiki yoyandikana anadzutsa mutu: "Ndiye zaka zonsezi mwakhala mukutinamiza? Mwandiyalutsa bwanji, bambo!" Iwo anachotsa manja padesiki nkuwabisa pansi.

Magalasi anafuna kutipulumutsa. "Dikira kaye iwe," anatero. "Paja nawe uli pantchito yokhazikika. Malipiro a anthu awiri timaphatikiza. Mphunzitsi ndi bambowa, ndikuona ngati zikwana. Pepala lako uli nalo?"

Ndinali nalo m'chikwama. Masofa aja sindinagule ndi ndalama zosunga ayi. Ndinawatenga pangongole kusitolo ya mipando, yomadula kumalipiro mwezi uliwonse kwa zaka zitatu. Ndinayamba kufufuza m'chikwamamo ngati sindikulipeza, koma bambo anali akundiyang'ana ndi nkhope yowala, chiyembekezo chitabwerera. Ndinalitulutsa.

Magalasi anadina kakyuleta yake, nkufufuta, nkudinanso. Kenako anaitembenuzira kwa ine, osati kwa bambo. Malipiro athu awiri ankaperewera, ndipo sizinkafunika sukulu kuti munthu aone kuti pakanapanda mzere wa sitolo ya mipando uja, akanakwana.

"Zatheka, mayi?" anafunsa bambo.

"Ayi bambo. Pepala la mwana wanuyu lili kale ndi ngongole ina."

Bambo anandiyang'ana. Ndinkadikira kuti andibwezere mawu anga aja, ndipo akanatero bwenzi zitandipepukira. "Ndi ya mipando ija?" anafunsa. Ndinagwedeza mutu. Iwo anayamba kupinda mapepala awo mmene analili poyamba. "Ndi yabwino mipando ija," anatero. Anathokoza Magalasi, nkupepesa kuti tamutayitsa nthawi.

Masabata otsalawo ndinathamanga ngati wamisala. Kusitolo anandiuza kuti katundu wogwiritsidwa kale ntchito sabwezedwa. Ndinayesa kugulitsa masofawo, koma mtengo umene anthu ankatchula sunkafika ndi theka lomwe la ngongole. Banki ina inatiuza zomwezo, kungosintha mawu. Mng'ono wanga ndi alongo anga awiri onse anali pasukulu, panalibe pepala lachitatu loti tiphatikize. Eni nyumba anatiwonjezera sabata ziwiri mwa chifundo chawo, kenako anagulitsa.

Ndinaganiza kuti ndi udindo wanga kuuza amayi za magalimoto aja. Ndinawapeza pamakina osokera, ndipo ndinayambira kutali, kusankha mawu kuti asakomoke. Sanaimitse nkomwe makinawo.

"Iwe ukuganiza kuti ovololoyo ankachapa ndani?" anatero. "Lamlungu lililonse ndinkaiyanika kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwathu. Bambo ako sanauzepo munthu kuti ndi akalaliki. Unayambitsa ndiwe, uli sitandade 4, pamaso pa anzako pakhonde apa. Unkanena monyadira moti analephera kukutsutsa. Anati adzakuuza ukakula, koma iwe pokula ndiye unkangowakweza udindo."

Tinasamuka Loweruka m'mawa. Felemu la timizere lija linatsala, chifukwa silinali lathu. Nyumba yatsopano inali ya zipinda ziwiri, ya chitseko chopapatiza. Masofa awiri aang'ono analowa mochita kupendeketsa. Yaikulu ija inakana. Tinaiyesa chogona, choimirira, tinachotsa timiyendo take, koma ayi ndithu. Inatsala panja pafupi ndi khomo, itayera ndi fumbi la m'lole, aneba atsopano akuionerera.

Bambo anabwera kudzaiona. Ngakhale tsiku losamuka anali atamanga tayi. Anaimasula pang'onopang'ono, nkuikoleka pa chogwirira cha chitseko, nkupinda manja a shati. M'chikwama chakuda chija, chomwe moyo wanga wonse ndinkayesa kuti mumakhala mafayilo, anatulutsamo kansalu kachikasu ndi kachidutswa ka sopo. Anandituma madzi. Aka kanali koyamba kuwaona akugwira ntchito yawo. Ankafinya kansaluko kamodzi kokha, nkupukuta mwachangu, osabwereza pamalo pamodzi.

"Umayambira pamwamba, mwanawe," anatero, "kuti zotsika zisadetse pomwe wapukuta kale." Anapukuta chotsamira chonse, kenako anafunsa osatembenuka, "Yatsala miyezi ingati kuti umalize kulipira?"

"Makumi awiri ndi isanu ndi itatu, bambo."

"Ndiye tiisamale. Ndikapempha lona kwa alonda Lolemba, mvula isaiwononge."

Ndinafuna kupepesa. Ndinangowagwirira ndowa, maso ali m'madzimo, mmene manja awo ong'ambika aja ankalowa ndi kutuluka.