Mbewa Zapenya, Malume Akudikira

Lolemba ndinapita ku Namacula kukazonda malume anga a Jafali, telala amene anasokera theka la Lichinga yunifolomu ya sukulu. Ali ndi matenda a shuga, ndipo shugayo wayamba kuwadya maso. Ndinawapeza akulimbana ndi ulusi wokana kulowa pa singano, koma nkhope ili mwee.

Chimwemwecho chinachokera pa foni. Wina anawatumizira uthenga woti asayansi akunja apeza mankhwala: amatenga timaselo tamoyo n'kutiwokera m'diso lowonongeka ndi shuga, monga timawokerera mbande za kabichi ku Chimbonila. Malume atangomva, mapiritsi anawataya kuseri kwa kabati, tsiku lopimitsa maso analidumpha, tiyi n'kuyambiranso kumwa wotsekemera. Munthu avutikirenji mankhwala ali m'njira?

Ndinaifufuza nkhaniyo. Si bodza ayi. Kungoti odwala amene athandizidwa mpaka pano ndi mbewa za mu labotale, zimene amazipatsa dala shuga kuti aziyeserepo. Ngati zidzatheke pa munthu, eni akewo akuti sakudziwa.

Nditawauza, malume anangoti kukamwa yasa. Awa ndi shehe wosasankhidwa wa m'banja mwathu, amene amasamuka pa mkeka mnzawo wa Chinyanja akatulutsa mbewa zowamba. Lero chiyembekezo chawo chonse chili pa kanyama komweko.

"Ndiye mbewa ili ndi dotolo wa maso, ine ndili pa mzere?" anafunsa.

Ndinaseka, koma mtima unandiwawa. Inu awerengi, mukudziwa mmene nkhani imayendera kwathu kuno. Imakwera chapa, minibasi yathu ija, ili ndi abale ake onse. Pa siteji yoyamba "mwina" amatsika. Pa Cuamba "pa mbewa" amatsika. "Kafukufuku akupitirira" amagwa yekha pa bampu. Ikamafika ku Lulimile, kuno ku Lichinga, yatsala yokha, yavala suti: "Mankhwala apezeka!" Ife n'kuitumiza kwa odwala onse amene tikuwadziwa, kuwonjezerapo timanja topemphera.

Asayansiwo sindikuwanyoza, apitirize, mwina adzukulu athu adzapindula. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Wa pamphunoyo ndi piritsi losasangalatsa lija, tiyi wopanda shuga, ndi benchi lolimba la kuchipatala. Zimenezi ndani amatumizira mnzake pa foni?

Lachinayi ndinawakokera kuchipatala. Dotolo anati m'diso lamanzere mitsempha yatulutsa kale magazi, lamanja likhoza kupulumuka ngati abwerera ku mapiritsi. Malume sanatsutse, chinthu chimene sindinachionepo chibadwire.

Potuluka ndinali kumanzere kwawo. Anaima pa geti n'kuyamba kundiitana mokweza, akuyang'ana uku ndi uko, ine ndili pomwepo phewa ndi phewa.

"Mphwanga, uziyenda mbali inayi," anatero nditawagwira dzanja. "Uko kulibenso anthu."