Mwezi Umene Sitinauone ku Makhanga

Fungo la mpunga woviika umene wayamba kusasa limandibwezera ku Ramadhani ya chaka chimene mtsinje wa Ruo unasefukira n'kutitsekera ku Makhanga. Mng'ono wanga amakonda kusimba kuti iye ndiye anaona mwezi chaka chimenecho. Si zoona. Iye anali asanayambe n'komwe kusala, ndipo mwezi sunaoneke kwa munthu aliyense kwathuko.

Asilamu tinali mabanja ochepa pakati pa Akhristu. Bambo anga, telala wochokera ku Mangochi, ndiwo ankatitsogolera poswali, koma mawu olengeza Idi ankachokera kwa shehe ku Bangula, kutsidya kwa Shire. Madzi atadula njira, mawuwo analeka kutifika, ndipo mabatire a wailesi yathu anali atatha. Tinkasala m'kutentha kwa chinyontho, matope akununkha, udzudzu ukulira ngakhale masana. Futari yathu, chakudya chomasulira madzulo, inali phala la mapira ndi mlamba wowamba.

Pamene masiku ankayandikira kutha, mayi anaviika mpunga wotsiriza kuti asinje ufa wa zitumbuwa, nachapa mikanjo yathu m'madzi ofiira amene anayamba awasiya kuti adikhe mumtsuko. Madzulo oyembekezera mwezi tinakwera tonse pamtumbira wa njanji, maso kumadzulo. Mitambo inali yakuda bii. Amuna onse anatembenukira kwa bambo. Kumasula swaumu, kusala kwathuko, tsiku lisanakwane ndi kulakwa, koma kusala pa tsiku la Idi ndi koletsedwanso. Bambo anayang'ana kumwamba nthawi yaitali.

"Sitinauone. Mawa tisala," anatero.

Kunyumba mayi ananunkhiza mpunga uja, nauthira madzi ena. Ine ndinagona ndi mantha akuti mwina tikuchimwa tonse, ndipo palibe wotiuza.

Mawa lake dzuwa litapendeka kunafika bwato. Wopalasa anali a Zuze, Msena wachikatolika amene bambo ankawasokera malaya. Ataona milomo yathu youma, anaseka.

"Inu atelala, mukuzunziranji ana? Anzanu ku Bangula avala zoyera kuyambira m'mawa, akudya mbuzi!"

Ena ananong'ona kuti mawu a munthu wosaswali sangamasule swaumu. Bambo anafunsa modekha ngati a Zuze anaona ndi maso awo anthuwo akudya, komanso ngati shehe anali nawo.

A Zuze anavomera m'Chisena: "Ande, baba. Shehe wanuyo ndiye wandipatsa ichi."

Anatulutsa tsamba la nthochi lonona mafuta, muli mpunga wofiirira ndi fupa. Bambo analinunkhiza, naliyang'anitsitsa monga ankayang'anira nsalu ya mwini asanaidule. Kenaka anaitanitsa chikho cha madzi. Dzanja lawo linkanjenjemera, mwakuti madzi ena anatayikira pa mkanjo. Anatchula dzina la Mulungu, namwa pamaso pa onse. Swala ya Idi tinaswali m'mawa wotsatira, pamalo ouma pafupi ndi njanji, popeza nthawi yake inali itadutsa.

Tsiku limenelo ndinkaganiza kuti dzanja la bambo linkanjenjemera ndi njala, ndipo ndinachita manyazi kuti anthu aona. Lero, pamene mitambo yaphimba mwezi ndipo anthu a mzikiti wathu atembenukira kwa ine, manja anga ndimawabisa m'manja mwa mkanjo.