Mwala umene anaba m'kabati ya pasukulu

Pasukulu imene ndinkaphunzitsa, m'mapiri a ku Ntchisi, tinali ndi kabati yagalasi yoonetseramo miyala. Tsiku loti makolo adzaone ntchito za ana litayandikira, mlamu wanga, amene amasefa golide m'mitsinje, anandibwereka kachidutswa ka golide kakang'ono ngati njere ya chimanga. Ndinakaika m'kabatimo pafupi ndi chimwala chonyezimira chachikasu, chachikulu ngati chibakera, chimene ana anatola pamsewu.

Makolo atabalalika, tinapeza galasi litasweka, chimwalacho palibe. Ahedi anafuna kuthamangira kupolisi ku Boma.

"Khalani pansi, bwana," ndinatero. "Chibwera chokha."

Ndinali nditachiyesa kale ndi hamala, ndipo chinabenthuka n'kusiya fumbi lakuda. Golide satero, amangophwatalala.

Patapita sabata tinachipeza pakhomo la kalasi, chili m'jumbo. Tinamva kuti wakuba atapita nacho kwa wogula golide wa ku Lilongwe, wogulayo anangochiseka, osapereka ngakhale ya minibasi.

Kachidutswa kaja wakubayo anakagwetsera pansi pofuna kufikira chimwala chake. Ndinakapeza posesa magalasi. Mlamu atakagulitsa, anabwerako ndi matumba a feteleza pangolo.