Anesi Akusowa, Malo Palibe

Amama anadwala chifuwa chaka chomwe ndinalemba mayeso a Fomu 3. Tinawakweza pa njinga ya atata kuchoka kwathu ku Luembe mpaka pa chipatala chaching'ono cha ku Nyimba, ndipo popeza ndinali mwana wamkazi woyamba komanso ndinalibe chochita podikila zotsatila za mayeso, ndine ndinatsala kuwadwazika.

Ku wadi ya azimai kunali anesi amodzi okha. Anali afupi, ochokela kumpoto, olankhula Chinyanja chothila Chibemba, ndipo sindinawaonepo akuyenda pang'onopang'ono. Iwo omwewo abaye jekiseni, iwo omwewo atsuke zilonda, ndipo mai woyembekezela akafika nthawi yake ankasiya zonse n'kuthamangila kuchipinda chobelekela. Tsiku lina ali kumeneko, gogo wina amene anagona pafupi ndi amama anayamba kusanza, womudwazika atapita kukatunga madzi. Ndinatenga beseni, ndinawagwila mutu, kenaka ndinawapukuta n'kuwasintha chitenje. Potembenuka ndinapeza anesi aja aima pakhomo akundiyang'ana.

"Iwe, sunyansidwa?"

"Ayi, amai."

"Ndiye bwela kuno ugwile mwendo uwu."

Umo ndi mmene ndinayambila. Amama atachila n'kubwelela kumudzi, ine ndinatsala kwa azakhali anga ku Nyimba komweko, ndipo m'mawa uliwonse ndinkapita kuchipatala. Palibe anandilemba nchito. Ndinkawilitsa majekiseni mu poto, kutembenuza odwala kuti asachite zilonda za pamsana, kuyeza kutentha kwa thupi. Anesi aja ankakonda kunena kuti akanakhala ndi atsikana ambili onga ine akanagonako ngati munthu.

Sanali iwo okha onena zimenezo. Pa wailesi ankanena kawilikawili kuti dziko likusowa anesi. Pa tsiku lokumbukila ufulu, mkulu wina wa chipani anaima pabwalo la mpila, thukuta lili chuchuchu, n'kunena kuti dziko ndi lathu tsopano, odwala athu adzawasamala ndife tokha, atsikana apite ku unesi. Tinaomba m'manja. Ine ndinaona ngati akunena ine ndendende. Zotsatila za mayeso zitatuluka ndili wopambana bwino, ndinalembela ku sukulu ya unesi ya pa chipatala china cha mishoni, ndipo anandiitana kuti ndikaonekele.

Ndinapita ndi mnzanga amene tinkakhala naye desiki limodzi ku sekondale ku Petauke. Iye mtima wake unali pa kutayipa mu ofesi, koma makolo ake anamuuza kuti ayese konse. Tinakwela lole ya thonje pa msewu waukulu, ndipo tinafika tsitsi lili mbuu. Pakhonde la sukuluyo panali atsikana odzaza, ena ochokela ku Chipata, ena ku Lundazi, aliyense atavala diresi ya ku tchalitchi. Tinalemba masamu ndi Chingelezi. Masana anatiyendetsa m'mawadi kuti tione nchito yake. Odwala anali pa mabedi, ena pansi pakati pa mabedi, ndipo anesi ndinangowaona mmodzimmodzi. Pamene ankamasula bandeji ya mwana wina wopsa ndi moto, mnzanga uja anakhala pansi, maso atatembenuka, mpaka anamutulutsa panja kuti apitidwe mphepo. Ine mumtima ndinati, ndi kuchepa kwa anesi kotele, atitenga tonse.

Kenaka tinkalowa mmodzimmodzi m'chipinda momwe munali asisita achizungu oyang'anila sukuluyo ndi amai ena achikuda, aphunzitsi a unesi. Anandifunsa chifukwa chomwe ndinkafunila unesi. Ndinali nditaloweza yankho langa m'Chingelezi, lonena za kutumikila dziko ndi kukonda anthu, ndipo ndinalinena lonse osaphonya. Anandifunsa ngati ndili ndi chibwenzi. Anandiuza kuti nditambasule manja aone zikhadabo. Ndinatuluka ndikumwetulila.

Kalata ya yankho inandipeza nditapita kumudzi kukathandiza kukolola nshawa. Analemba kuti ndinachita bwino pa zonse, koma malo palibe, ndidzayesenso chaka chamawa. Mnzanga uja anamutenga.

Atata sankadziwa Chingelezi, choncho anandiuza kuti ndiwamasulile. Nditamaliza anandifunsa, akupukusa nshawa m'manja.

"Tsono wapambana kapena walephela?"

"Ndapambana, atata."

"Ndiye upita liti?"

"Sindipita."

"Bwelezanso. Mwina wawelenga molumpha."

Ndinabweleza, koma mawu anali omwewo.

Kuyambila pamenepo aliyense anali ndi chifukwa chake chondiuza. Anesi a ku Nyimba anati vuto ndi mabedi: nyumba yogona ophunzila ndi yaing'ono, ndipo mphunzitsi mmodzi sangaphunzitse khamu. Atcheyamani a chipani m'dela la azakhali anandifunsa ngati ndinaonetsa khadi la chipani, ndipo nditati palibe anandifunsa za khadi, anapukusa mutu n'kunena kuti zina safunsa ndi pakamwa. Abusa athu anati mwina n'chifukwa sindine wa mpingo wa amishoniwo. Azakhali anati pali munthu kumudzi amene wanditsekela njila. Aliyense akamalankhula ndinkaona kuti akunena zoona, mpaka nditakumana ndi wotsatila. Ndiye ndinachita zonse. Khadi ndinadula, kalata ya abusa ndinatenga, ndipo mizu imene azakhali anabweletsa kuti ndisambe ndinasamba, ngakhale kuti Lamlungu lake ndinachita manyazi kuimba mu kwaya.

Mvula itayamba, ndinakumana ndi mnzanga uja pamsika wa ku Petauke akugula kapenta. Anali atasiya sukulu. Anati fungo la m'wadi linkamutsatila mpaka m'mbale, anaonda, ndipo tsiku lomwe anamutuma kukasambitsa mtembo analongedza katundu wake.

"Bedi langa lili chomwecho," anatelo. "Pita ukawauze. Iwe ndiwe unayenela kukhala kumeneko, ine ndinadabwa atanditenga."

Mailo lake ndinanyamuka. Asisita aja anandilandila bwino, anandipatsa mpando, ndipo anandimvetsela mpaka kumapeto. Kenaka anati sizingatheke. Anzangawo anali atapita kale patali ndi maphunzilo, ndipo malamulo a ku Lusaka salola kulowetsa munthu pakati pa chaka.

"Ndidzawapeza, asisita. Zambili ndimachita kale ku Nyimba."

"Ndikukhulupilila. Koma si ine ndinaika lamulo."

"Ndiye bedilo likhala lopanda munthu?"

"Mpaka chaka chamawa, inde."

Tili pakati polankhula, nesi wina analowa osagogoda n'kunena kuti ku wadi ya ana kulibe munthu, amene anayenela kukhalako wadwala malungo. Asisita anapepesa kwa ine, anamanga epuloni yawo n'kupita okha. Ndinatsala ndekha mu ofesimo, osadziwa ngati zokambilana zatha kapena ndidikile. Ndinadikila mpaka njala inandipweteka. Potuluka ndinadutsa pakhomo la wadi ya azibambo, ndipo mdala wina anandikodola: "Anesi, madzi." Ndinayang'ana kumbuyo, kunalibe wina. Ndinam'mwetsa madziwo, ndinamukonzela pilo, kenaka ndinapita kumsewu kukadikila lole.

Chaka chotsatila a ku sukuluyo sanaitane aliyense. Tinamva kuti mphunzitsi wina wachizungu wabwelela kwawo ndipo womulowa m'malo sanapezeke. Ndinafunsa anesi a ku Nyimba kuti nanga aphunzitsi a unesi amachokela kuti. Anati amachokela mwa anesi. Ndinati nanga anesiwo achokela kuti ngati sukulu siitenga anthu? Anaseka pang'ono n'kunditumiza kukawilitsa madzi.

Nthawi imeneyo kunali mnyamata wina, kalaliki wa pa depoti yogulila thonje, amene ankandidikila pa njila yochokela kuchipatala n'kundipelekeza akukankha njinga yake. Anali munthu wofatsa, ndipo ndinkamukonda. Anatumiza amalume ake kwathu. Atata sanandikakamize, anangondiitana pansi pa mtengo wa mango n'kundifunsa kuti ndikufuna chiyani kwenikweni. Ndinawauza kuti sukulu ya unesi siilandila okwatiwa.

"Koma osakwatiwanso siikuwalandila," anatelo.

Mnyamatayo ndinamupempha kuti adikile chaka chimodzi. Anadikila ndithu, koma pamene ndinamupempha chaka chachiwili anasiya kuima panjila paja. Anakwatila mtsikana wa ku Kalindawalo. Ndinalila kuseli kwa nyumba ya azakhali, ndipo sindinkadziwa ngati ndikulilila iyeyo kapena sukulu ija.

Sukulu ija itayambanso kutenga ophunzila anandiitananso, koma zinthu zinali zitasintha. Pakhonde paja panali atsikana ambili a Fomu 5, olankhula Chingelezi chopyola m'mphuno, ndipo panamveka mphekesela yoti ife a Fomu 3 angotiitana mwaulemu chabe. Asisita aja anali atachoka. M'chipindamo munali amai aphunzitsi omwe aja ndi dokotala wina wachinyamata amene ankangoyang'ana wotchi yake. Ndinali nditatopa. Mawu oloweza aja ndinawaiwala, kapena mwina ndinalibenso mphamvu yowanena. Anandifunsanso chifukwa chomwe ndinkafunila unesi.

"Sindidziwanso, amai," ndinatelo m'Chinyanja. "Ndinangozolowela."

Dokotala uja anadzutsa mutu n'kundiyang'ana, kenaka anabwelela ku wotchi yake. Za khadi sanafunse. Kalata ya abusa inakhala m'thumba langa osatuluka. Ngakhale zikhadabo sanaone. Ndinatuluka ndikudziwa kuti zatha, ndipo nditafika ku Nyimba ndinauza azakhali kuti andilankhulile kwa mwini sitolo wina ku Petauke amene ankafuna mtsikana wogulitsa nsalu.

Ndinali nditayamba kale kuyeza nsalu pa kauntala pamene mlongo wanga anabwela pa njinga kudzandiuza kuti sukulu yandiitana. Poyamba ndinaganiza kuti asokoneza dzina langa ndi la munthu wina. Ngakhale pamene ndinkayesa yunifomu, ndinkayembekezela kuti wina alowa n'kunena kuti pepani, talakwitsa. Atata atamva anangofunsa kuti, "Ulendo uno wapambana mosiyana bwanji?" Ndinawauza kuti sindikudziwa, ndipo sindinkanama.

Nditakhala pasukulupo miyezi ingapo ndinalimba mtima. Tsiku lina titamaliza kuphunzila kuyala bedi la wodwala, ndinatsalila m'kalasi n'kufunsa amai aphunzitsi aja kuti chinasintha n'chiyani, popeza poyamba ndinayankha bwino koma sananditenge, ndipo ulendo womaliza ndinayankha zopanda mutu koma ananditenga. Anandiyang'ana nthawi yaitali, akupinda nsalu ya pabedi.

"Kodi unabwelapo kale?" anandifunsa.

Sankandikumbuka n'komwe. Anati atsikana amabwela ambili, onse abwino, ndipo posankha nthawi zina iwonso mutu umawazungulila. Anandiuza kuti ndifulumile, anzanga ayamba kale kudya.

Nditamaliza maphunzilo ananditumiza pa kiliniki ina kufupi ndi Sasare, kumene ndinagwila nchito zaka zambili ndili nesi ndekha. Atsikana omaliza sukulu ankabwela madzulo ndikutseka mazenela, n'kundifunsa mwamanyazi kuti munthu amachita bwanji kuti alowe unesi. Ndinkawauza kuti alembe kalata, asambe bwino, akafike msanga. Wina anandifunsa kuti akamufunsa mafunso ayankhe zotani. Ndinaganiza ndithu, chifukwa ndinkafuna kumuthandiza, koma ndinangomuuza kuti anyamule chakudya chokwanila, poti pakhonde paja munthu amakhalapo tsiku lonse.