A Nambewe Okonza Mijigo

Ndikakumbukira agogo anga a Nambewe, ndimamva fungo la dzimbiri ndi chitsulo chonyowa. Agogo a anzanga ankamveka utsi wa kukhitchini ndi fodya wam'mphuno, koma anga manja awo ankakhala ofiira ngati angochoka kozira nyumba ndi katondo, ndipo ngakhale asambe kawiri ndi sopo wamtanda, fungo lija silinkatha. Anali mayi awo a mayi anga, aafupi, amapewa otambalala, ndipo nyumba yawo inkayang'anizana ndi yathu m'mudzi wina wa kuseri kwa zitunda za ku Mtengowanthenga. M'mawa uliwonse, mame asanaume, ndinkamva njinga yawo yakale ikutsika kanjira ka kumjigo, thumba lachiguduli la masipanala likugogoda pakeriyala. Akafika ankapopa pang'onopang'ono mutu atapendeketsa, ngati munthu womvetsera chifuwa cha mwana. Ankati mjigo sufa mwakachetechete, umayamba wadandaula, koma anthu ndi amene samva.

Mjigo usanabwere tinkamwa madzi a pachitsime cha kudambo, pomwe ng'ombe nazo zinkamwera chakumunsi. Dzinja lina mlongo wanga wamng'ono, Limbani, anatsekula m'mimba masiku awiri okha, tsiku lachitatu tinamuika m'manda. Agogo ndi amene anamusambitsa. Chaka chotsatira kunabwera anthu a bungwe lina ndi chigalimoto chokumbira, ndipo atamaliza anapempha kuti mudzi usankhe munthu wokaphunzira kukonza mjigowo kwa sabata yathunthu kuboma. Inali nyengo yosankha fodya, abambo onse mitima ili kuzigafa, choncho aliyense anangoyang'ana pansi. Agogo anadzuka pakati pa amayi, nakung'untha chitenje.

"Lembani Nambewe," anatero.

Anthu anaseka, koma iwo sanaseke nawo. "Otunga madzi ndife, osambitsa maliro a ana ndife. Ndiye sipanala itikanike?"

Anabwerako ndi masipanala awiri, kabuku ka zithunzi ndi ovololo yabuluu. Ovololo imeneyo ndi imene inadzetsa nkhani. Masiku amenewo akazi a m'tauni anali atayamba kuvala mathalauza, koma kwathu munthu wamkulu ngati iwo, wa zidzukulu, sizinkamveka. Ankaivala mkati mwa chitenje, ndipo akafika pamjigo ankamasula chitenjecho n'kuchikoleka pamtengo. Amayi anzawo a kumphakati wa kutchalitchi anawayendera kudzawalangiza, iwo n'kuwayankha akupeta mtedza: "Chitenje chikadzakodwa m'chitsulo ndili chowerama, mudzaona zambiri kuposa thalauzali." Amayi aja anabwerera akuseka, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Posakhalitsa midzi yoyandikana nafe inayamba kuwaitana. Ankapita, nthawi zina kukankha njinga chitunda chonse, ndipo ankabwerako ndi kalichero ka nyemba, dzungu, kapena chimanjamanja. Kulikonse ankakana kugwira ntchito okha. Ankaitana amayi awiri kapena atatu kuti aime pafupi, n'kumawaonetsa labala yotha ndi yatsopano, kuwagwiritsa sipanala mpaka dzanja lizolowere.

Ine zonsezi zinkandichititsa manyazi. Ndili sitandade faifi mjigo wa kusukulu kwathu unayamba kuvuta, ndipo tsiku lina nthawi yopumula ndinangoona njinga ija ikulowa pabwalo. Agogo anamasula chitenje monga mwa masiku onse, ndipo ana anawazungulira akuseka ndi kulozerana. Esinala, mnzanga amene tinkakhala desiki imodzi, mwana wa aphunzitsi, wovala nsapato ndi masokosi oyera, ananditsina.

"Mwandida, si agogo ako amene aja?"

"Ayi," ndinatero. "Ndi amayi ena a m'mudzi mwathu. Sindiwadziwa bwino."

Tinali titaima pafupi kwambiri. Agogo sanadzutse mutu, anapitiriza kumasula naiti ya pamjigo ndi sipanala. Madzulo ake anandiitana monga mwa chizolowezi chawo choseleula, "Mkazi mnzanga, bwera udzatenge mbatata yako," ndipo ndinadya mbatatayo mtima utakhala pansi, poganiza kuti sanamve.

Dzinja la chaka chomwecho, chimanga chitayamba kumasula ngayaye, mjigo wa m'mudzi mwathu unafa. Mayi wina akupopa anangomva chogwirira chapepuka, madzi osatuluka. Agogo anatsegula mutu wa mjigo n'kuyamba kusolola ndodo zachitsulo zija zimene zimalumikizana kutsika m'paipi mpaka kumadzi. Yachinayi inatuluka yoduka, ndipo zina zonse zinatsalira pansi penipeni pomwe dzanja kapena diso silikanafika. Chitsulo chowedzera ndodo zotere iwo analibe, chinali ndi anthu a bungwe aja. Uthenga unapita, yankho n'kubwera loti msewu waduka ndi mvula, tidikire. Abambo a komiti ya mjigo anawauza agogo kuti asagwirepo kanthu, kuopa kuti akaononga paipi, azungu amene anatipatsa mjigowo adzatikana.

Tinabwerera kudambo. Madzi ake anali ofiirira, onunkha ndowe, ndipo agogo anayenda khomo ndi khomo kuuza anthu kuti aziwiritsa. Koma nkhuni zinali zonyowa, utsi wake wolowa m'maso mpaka misozi, ndipo anthu anali pakalikiliki wa kumunda. Sabata inatha, yachiwiri n'kulowa.

Loweruka lina amayi ndi abambo anga anapita kumunda kukabandira, n'kundisiyira mng'ono wanga Chifundo, amene anali atangoyamba kuyenda. Dzuwa linatentha monga limachitira mvula ikakhala pafupi. Madzi owiritsa anatha m'mawa womwewo. Chifundo analira, akuloza ndowa imene ndinali nditangotula kuchokera kudambo. Ndinayesa kukoleza moto, ndinauzira mpaka chizungulire, koma nkhuni zinkangofuka. Pomaliza ndinatunga kapu ya madzi a m'ndowamo n'kumupatsa. Anamwa yonse, natonthola.

Lamulungu masana anayamba kutsekula. Lolemba m'mawa maso anali atalowa, akulira opanda misozi, ndendende mmene anachitira Limbani. Abambo anawakweza amayi panjinga, mwana ali kumbuyo, ulendo wa kuchipatala cha mishoni. Ine sindinapite kusukulu. Ndinazungulirazungulira pabwalo, kenako ndinapita kwa agogo, amene anali pakhonde akupala dzimbiri pa ndodo zitatu zija ndi mchenga.

"Agogo, ndine ndamupha Chifundo."

Anaika ndodo pansi. "Khala apa. Wati bwanji?"

Ndinawafotokozera zonse, za moto ndi za kapu ija, mawu akudukaduka. Anandimvera mpaka kumapeto, kenako anandipukuta nkhope ndi dzanja lawo lofiira lija.

"Choyamba, mwana sanafe. Chachiwiri, ludzu la mwana sungaliuze kuti lidikire msewu uume. Ukanatani iwe? Mlandu ndi wa mjigo wakufawu, ndipo mjigo ndi wanga. Ndine ndakhala pano masabata awiri manja ali m'khosi."

Anadzuka, natenga chidutswa cha ndodo yoduka ija, n'kukwera njinga kupita kutsidya kwa a Kafanikhale, nkhalamba ina yosula makasu ndi nkhwangwa. Pobwerera anakumana ndi abambo a komiti aja pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndinamva ndi makutu anga zimene anawauza, mawu osakweza.

"Amene anakumba dzenje ili anatichita zabwino, koma anapita kwawo, ndipo kumeneko akumwa madzi oyera. Ana akudwala ndi athu. Makolo athu ankasula chitsulo pa zitunda zomwe zino kusanabwere galimoto. Ngati ndiononga paipi, mudzanene kuti ndi Nambewe."

Ntchitoyo inatenga masiku atatu. Mbedza yoyamba imene a Kafanikhale anasula inali yaikulu, inakana kulowa m'paipi. Yachiwiri inalowa, n'kugwira, koma pokoka inawongoka ngati udzu, ndipo abambo aja anapukusa mitu n'kubalalika. Agogo anakhala pansi pa simenti ya mjigo nthawi yaitali akuyang'ana mbedza yowongokayo. Kenako anajambula ndi chala pamatope chinthu chopota ngati mchira wa nkhumba, nawaonetsa a Kafanikhale.

"Isakole ndi mlomo wokha, izungulire ndodoyo ngati nyemba pa phesi."

"Chitsulo cha zimenezo chikufunika cholimba, a Nambewe. Ndilibe ine."

"Ndili nacho."

Chimene anabweretsa chinali chitsulo cha pangolo ya malemu agogo aamuna, chimene anachisunga kuseri kwa chitseko zaka zonsezo osalola munthu kuchigwira. Tsiku lonse lachiwiri kutsidya kunkamveka mvukuto ndi nyundo.

Tsiku lachitatu ndinapita kusukulu chifukwa agogo anandithamangitsa, koma poweruka tonse tinadzera kumjigo, ana a midzi inayi, Esinala ali pomwepo. Tinapeza amayi asanu atagwira ndodo zolumikizidwa ku mbedza ija, agogo atagwada, khutu lili pakamwa pa paipi, akupotoza pang'onopang'ono. Kunkangomveka njiwa m'mitengo ndi kukhuzana kwa zitsulo pansi pa nthaka. Anapotoza, kubweza, kupotozanso. Kenako anaima.

"Yagwira," anatero motsitsa. "Musathamange. Kwezani ngati mukudzutsa wodwala."

Zinali zolemera. Amayi aja mikono inayamba kunjenjemera, ndipo mmodzi wa abambo a komiti anavula jekete n'kugwira nawo, wina n'kutsatira. Ndodo yoduka itatulukira, yakuda ndi matope, mbedza itaikulunga, amayi ena analulutira, koma agogo anangoti, "Sitinamwe." Anachotsa yodukayo, nalumikiza ina imene ankasunga, n'kubwezera zonse imodziimodzi. Dzuwa litapendeka anagwira chogwirira. Poyamba kunatuluka mpweya, kenako madzi ofiira, kenako oyera, ozizira, akugwera pa simenti ndi phokoso limene tinali titaliiwala.

Ndinayang'ana Esinala. Ndinkalakalaka atandifunsanso funso lake lija, koma iye anali kalikiliki kumwa ndi manja, ndipo sanandifunsenso mpaka tinasiyana sukulu.

Chifundo anatuluka m'chipatala patatha masiku asanu, wowonda, khosi ngati la mwanapiye, koma wamoyo. Lero ali ndi ana ake atatu ndipo amalima mtedza ku Nachisaka komwe anakwatiwa. Anthu a bungwe aja atabwera msewu utauma, anapeza mjigo ukugwira ntchito. Mmodzi anaitembenuza mbedza ija m'manja n'kufunsa komwe tinaigula, ndipo agogo analoza kutsidya.

Anapitiriza ntchitoyo mpaka mawondo atawakana. Nthawi imeneyo n'kuti midzi yambiri ili ndi amayi akeake odziwa kutsegula mjigo, ndipo iwo ankangokhala pakhonde kulandira odzafunsa nzeru. Ine ndinali nditamaliza maphunziro a unamwino, ndikugwira ntchito pa kachipatala kena ku Ntchisi. Tsiku lina nditapita kukawaona, ndikuwadzola mafuta m'miyendo, ndinawauza zomwe ndinanena pabwalo la sukulu lija.

"Ndinakumva," anatero.

"Nanga bwanji simunandikalipire?"

"Ndinali ndi naiti pakamwa, ndikanalankhula bwanji?" Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anati, "Zinandiwawa, mkazi mnzanga, sindikunamize. Koma ndinati mwana uyu akuchita manyazi chifukwa ali moyo. Limbani sanafike msinkhu wochita nane manyazi."

Ndinapitiriza kuwadzola mafuta, mutu uli pansi.

Anamwalira m'chilimwe, patatha zaka ziwiri. M'mawa wa tsiku loika maliro, tili pasiwa, tinaona mzere wa amayi ukutsika chitunda, aliyense ndowa pamutu, ena ochokera midzi imene sindinaidziwe n'komwe. Panalibe amene anawatuma. Aliyense anatunga pa mjigo wa kwawo, ndipo potula ankatchula dzina la mudzi wake. Madzi amenewo ndi amene tinawasambitsira agogo, ndi amene tinaphikira, ndipo anthu onse a pamaliropo anamwa n'kutsala.

Kuntchito kwanga zinthu zimaonongeka kawirikawiri, ndipo zimatenga nthawi kuti thandizo lifike kuchokera kutali. Nthawi zina timadikiradi, chifukwa si zonse zimene tingathe tokha. Koma ndinazolowera kuyamba ndafunsa m'mudzi momwemo ngati muli wosula, wowotcherera kapena mmisiri wa matabwa, ndipo kawirikawiri amapezeka, munthu wosavala nsapato amene palibe anaganizapo zomufunsa. Akabwera ndimamupatsa mpando wanga, ndipo akandifunsa kuti kwathu n'kuti, ndimamuuza mudzi, kenako ndimawonjeza zimene sanafunse: ndine mdzukulu wa a Nambewe, okonza mijigo.