Mbedza za ababa pa dziwe la ku Lawrence

Ababa anabwera kuno ku America, ku Indiana, chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa. Amayi anali atamwalira, bwato lili pamtunda likung'aluka ndi dzuwa, ndiye ine ndi mlongo wanga wa ku South Bend tinagwirizana kuti mkuluyu asakhale yekha. Tikiti inali ya miyezi isanu ndi umodzi. Koma ine ndinali ndi zanga mumtima: akangozolowera ndiwayambitsira mapepala okhalira kuno, asabwererenso.

Kuzolowera kwake kuti! Mlongo wanga anawatengera ku nyanja ya Michigan kuti mtima ukhale pansi, iwo n'kuima m'madzi atapinda buluku, kufunsa kuti asodzi ali kuti, madzi onsewa anthu angosambamo basi? Atabwera kwa ine ku Lawrence zinanyanya. Munthu wozolowera kupalasa bwato, ine ndamutsekera mu apatimenti ya m'mwamba, ndili kuntchito kuchipatala maola khumi ndi awiri. Ankangoyenda, pawindo, pakhomo, pawindo, mpaka kapeti inachita kanjira. Dzuwa la July la kuno nalonso lopanda ulemu, silifuna kulowa.

Tsiku lina ndinawapeza ataima pa TV, mphuno itatsala pang'ono kugunda galasi. Ankaonetsa asodzi a ku Alaska ali pakati pa nyanja yamchere, akutsitsa chingwe chachitali kumbuyo kwa boti, mbedza zikugwera m'madzi imodziimodzi.

"Iwe, tabwera kuno! Azungunso amatchera khuleya?"

Anaonera mpaka kumapeto, akudzudzula. Mbedza zathinana. Nyambo yachepa. Uyo akukoka ngati akukangana ndi chingwe. Chimwalirire amayi ndinali ndisanawamve akulankhula mokweza chonchi, moti atati ndikawagulire chingwe ndi mbedza makumi asanu, ndinathamanga. Ndinkati n'zongotanganitsa manja pakhonde. Chitsiru ndinali ine.

Kenako sopo wanga wochapira anayamba kusowa. Ndinamupeza m'mbale, atadulidwa timabenthu ting'onoting'ono. Apo m'pamene mutu unagwira, chifukwa kwathu mlamba timaukola ndi sopo. Kuseri kwa nyumba zathu kunali dziwe lokumbidwa kuti lizilandira madzi a mvula, la atsekwe aphokoso, ndi chikwangwani choletsa kuwedza ndi kusambira. Ababa Chingerezi sawerenga, ndipo akanawerenga sindikhulupirira kuti chikanasintha kanthu. Anamanga chingwe pa chitsulo cha ngalande, n'kuzungulira m'mphepete mpaka pa mtengo wa tsidya lina.

Lamlungu m'mawa ndinapeza milamba iwiri mu sinki, ikupumabe, mwiniwake akunola mpeni uku akuimba.

"Ababa, n'zoletsedwa zimenezi! Mundithamangitsitsa pano!"

"Dziweli mwini wake ndani?"

"Kampani."

"Kampaniyo imadya mlamba?"

Ndinakalipa, koma mlambawo ndinadya, ndisaname. Ndipo sabata imeneyo ababa anasiya kuyendayenda. Ankagona tulo, ankadya, anafunsanso kuti chisanu cha kuno chimayamba liti, ngati munthu amene akuganiza zochiona.

Lachinayi mayi wa ku ofesi ya nyumbazo anandiitana. Analankhula mwaulemu wawo uja, kumwetulira kuli pakamwa pokha. Akuti tsekwe wakodwa ndi mbedza, ana amasewera pamenepo, ena aona bambo wachikulire wa m'nyumba mwanga. Chingwe chikapezekanso, andipatsa kalata yoti ndisamuke. Kuwauza ababa ndinkadziwa yankho lake, ndipo kunena zoona ndinkaopa kuona nkhope ija ikuzimanso.

Masana atagona, ndinatsika ndi ndowa ndi sizasi ya kuntchito. Ndinkati ndidula, nditaya m'bini, nkhani yatha. Koma nditagwira chingwe manja anakana. Ndinamasula mfundo, n'kuyamba kukoka pang'onopang'ono, kuchipinda m'ndowa, mbedza iliyonse kuikoleka pamlomo pa ndowayo motsatana, monga ndinkachitira pa doko la Kachulu ndili mtsikana. Ndowayo ndinaibisa kubuti ya galimoto.

Madzulo anabwera kuchokera kudziwe atalusa.

"Andichotsera chingwe!"

"Ndi a ku ofesi, ababa."

"Anthu opanda mwambo! Kwathu ngakhale mdani wako, chingwe chake sugwira. Ukachipeza chakodwa umakamuuza mwiniwake. Nditengere ku ofesiko!"

Ndinati atseka. Mawa lake ndinati bwana kulibe. Bodza lina pamwamba pa linzake, ndipo kuyenda kuja kunayambiranso, pawindo, pakhomo.

Loweruka tinapita ku Lafayette Road kukagula ufa ndi nyemba. Ine ndikulimbana ndi ngolo ya m'sitolo, iwo n'kutsegula buti kuti aike thumba. Mayo ine, ndowa ija ndinali nditaiwala! Anayendetsa chala pa mbedza zija, imodziimodzi, mpaka kuzungulira ndowa yonse.

"Wapinda bwino," anatero. "Palibe yakodwa ndi inzake."

Anaika thumba, kutseka, kukakhala kutsogolo. Titadutsa maroboti atatu ndinaphulika. Ndinawauza za tsekwe, za kalata, kuti kuno si kwathu, kuti ndinachita zimenezi kuti tonse tikhale ndi pogona, kuti ndimawafuna pano, pafupi ndi ine. Ndinalira mpaka wa m'mbuyo kundiimbira hutala.

Anadikira ndimalize.

"Ukanandiuza, mayi, ndikanakachotsa ndekha. Masiku awiri ndakhala ndikutukwana anthu osalakwa." Anayang'ana panja. "Uwaimbire a ndege aja. Ndizipita mwezi uno."

"Ababa, pepani. Khalani, chonde."

"Sindinakwiye. Koma malo oti mwana wanga azindibisira chingwe ngati akubisira mwana mpeni, ine sindingakalambirepo."

Lolemba ndinaimba ndekha, poti Chingerezi ndinali nacho ndine, iwo atakhala pambali panga manja ali pamaondo. Mayi wa pafoniyo anandifunsa ngati kumudzi kwagwa zadzidzidzi. Ndinati ayi, kulibe. Anafunsa ngati bambowo adzafuna tikiti yobwerera kuno. Ndinawamasulira ababa funsolo, ndipo anapukusa mutu.